Luso la kompyuta lothandiza madokotala kuona bwino ziwalo zosuntha pa X-ray

Madokotala akafuna kutsegula mtsempha wa mtima umene watsekeka, masiku ano nthawi zambiri sang'amba chifuwa cha wodwala. Iwo amalowetsa kapaipi kakang'ono mu mtsempha wa padzanja kapena wa m'mphechepeche, n'kumakakankha pang'onopang'ono mpaka kakafike pa mtima, uku akuyang'ana kanema wa X-ray yemwe amaonetsa pamene kapaipiko kafika.

Ntchito imeneyi imadalira kwambiri zimene dokotala akuona pa kanemayo, komatu mtima sudikira munthu. Mwa munthu wamkulu amene wangokhala phee, mtima umagunda maulendo 60 mpaka 100 pa mphindi imodzi, ndipo chifuwa chimakwera ndi kutsika maulendo 12 mpaka 20 pa mphindi yomweyo. Mitsempha imene imapereka magazi ku mtima ndi yaing'ono, ya mamilimita 2 mpaka 4 m'mimba mwake, pamene kawaya kamene dokotala amatsogoza mu mtsemphamo sikakwana n'komwe theka la milimita.

Pali njira ziwiri zochititsa kuti tinthu ting'onoting'ono ngati timeneti tioneke bwino. Yoyamba ndi kuwonjezera mphamvu ya cheza cha X-ray, zomwe zimaika pachiswe moyo wa wodwala ndi wa ogwira ntchito. Yachiwiri ndi kugwiritsa ntchito kompyuta kuti ikonze zithunzi zimene zajambulidwa ndi cheza chochepa. Njira yachiwiriyi ndiyo akatswiri akhala akuinola kwa zaka zoposa 40.

Nkhaniyi ikukhudza anthu ambiri. Malinga ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization, matenda a mtima ndi a mitsempha ya magazi adapha anthu pafupifupi 17.9 miliyoni m'chaka cha 2019.

Chiyambi cha kanema wa X-ray

Cheza cha X-ray adachitulukira ndi katswiri wa sayansi wa ku Germany, Wilhelm Conrad Röntgen, pa 8 Novembala 1895 mumzinda wa Würzburg. M'chaka chotsatira, Thomas Edison wa ku America adakonza chipangizo choonera m'thupi la munthu nthawi yomweyo, popanda kudikira kuti filimu itsukidwe. Kaonedwe kotere kamatchedwa fluoroscopy.

Kuopsa kwa chezachi kudadziwika msanga. Clarence Dally, yemwe ankathandiza Edison pa ntchitoyi, adapsa manja ndi cheza mpaka madokotala adamudula mikono yonse iwiri, ndipo adamwalira ndi khansa mu 1904.

Kwa zaka pafupifupi 50, chithunzi cha fluoroscopy chidali chosawala, moti madokotala ankayamba akhala mumdima kapena kuvala magalasi ofiira kwa mphindi zingapo kuti maso awo azolowere. Zinthu zidasintha mu 1948 pamene John Coltman wa kampani ya Westinghouse adafotokoza za chipangizo chowalitsa chithunzi kuwirikiza maulendo mazana angapo. Patapita nthawi chithunzicho chidayamba kuonetsedwa pa wailesi ya kanema.

Nawo madokotala adali kalikiliki kufunafuna njira zoonera mitsempha, poti mtsempha pawokha suoneka pa X-ray. Mu 1927, Egas Moniz wa ku Portugal adajambula mitsempha ya mu ubongo atathiramo mankhwala okhala ndi ayodini, omwe amatchinga cheza. Mu 1958, Mason Sones wa pachipatala cha Cleveland Clinic ku America adapeza kuti mankhwala otere angathe kuthiridwa mwachindunji mu mtsempha wa mtima wodwala osafa. Pa 16 Sepitembala 1977, Andreas Grüntzig adatsegula mtsempha wa mtima ndi kabaluni mumzinda wa Zurich, ndipo mu 1986 Jacques Puel ku Toulouse ndi Ulrich Sigwart ku Lausanne adayamba kuika mu mtsempha kachubu ka timawaya tolukana kotchedwa stent, kamene kamatsala momwemo kuti mtsempha usatsekekenso.

Kuchokera nthawi imeneyo, kanema wa X-ray adakhala maso a dokotala amene akupereka chithandizo m'kati mwa chiwalo chimene chikusuntha. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, makina ambiri adayamba kubwera ndi mbale zafulati zolandirira cheza, zomwe zimasandutsa chithunzi kukhala manambala oti kompyuta iwerenge.

Gwero la vuto

Fluoroscopy imajambula zithunzi zambiri motsatizana, kawirikawiri 15 kapena 30 pa sekondi imodzi, ndipo zipatala zofuna kuchepetsa cheza zimatsitsa mpaka 7.5. Popeza ntchito imodzi ikhoza kutenga mphindi zambiri, chithunzi chilichonse chimajambulidwa ndi cheza chochepa kwambiri. Zotsatira zake n'zakuti chithunzicho chimadzaza ndi timadontho tonga mchenga, tomwe timasintha malo pa chithunzi chilichonse. Kawaya kakang'ono kamasowa mosavuta m'kati mwa timadonthoti.

Masamu ake ndi okhwima. Kuti timadontho tichepe ndi theka, cheza chiyenera kuwirikizidwa kanayi. Kuti tichepe mpaka kutsala gawo limodzi mwa magawo anayi, cheza chiyenera kuwirikizidwa maulendo 16. Walira mvula walira matope: amene wafuna chithunzi choyera pongowonjezera cheza wavomeranso zilonda zimene chezacho chingabweretse pakhungu la wodwala.

Vuto lachiwiri ndi kusuntha. Chinthu chikasuntha pamene chikujambulidwa, chimaoneka chofufutika ngati galimoto yothamanga pa chithunzi cha kamera wamba. Pofuna kupewa zimenezi, makina amakono amatulutsa cheza mwa kaphanikaphani, kuthwanima kulikonse n'kumatenga timagawo towerengeka mwa magawo 1,000 a sekondi. Izi zimathandiza kuti chithunzi chilichonse chigwire mtima pamalo amodzi, koma sizichotsa timadontho tija.

Vuto lachitatu ndi lakuti X-ray imasanjikiza zonse zimene cheza chadutsamo. Nthiti, msana, mapapo ndi mtima zimaonekera pamodzi pa chithunzi chimodzi, ndipo chilichonse chimasuntha mwa mtundu wake: msana umakhala malo amodzi, mapapo amatsatira mpweya, mtima umatsatira kugunda kwake.

Njira yoyamba: kuphatikiza zithunzi zotsatizana

Njira yodziwika kwambiri imachokera pa mfundo yakuti timadontho timasintha malo, pamene chiwalo chenicheni chimabwereza kuoneka pa chithunzi chilichonse. Kompyuta ikaphatikiza zithunzi zingapo n'kupeza pakatikati pake, timadontho timafafanizana ndipo chiwalo chimatsala. Zithunzi 4 zikaphatikizidwa, timadontho timachepa ndi theka, monga momwe zikadakhalira cheza chikadawirikizidwa kanayi, koma wodwala salandira cheza chowonjezera.

Makina ambiri amachita zimenezi mosalekeza: chithunzi chimene dokotala akuona chimapangidwa ndi gawo la chithunzi chatsopano ndi gawo la chimene chidaonetsedwa kale. Njirayi imagwira bwino pa zinthu zokhazikika monga fupa. Chinthu chikamasuntha, chimasiya chithunzithunzi m'mbuyo mwake, moti kawaya kamodzi kakhoza kuoneka ngati tiwiri kapena titatu, mwinanso kuzimiririka kumene.

Kaamba ka ichi, akatswiri adakonza mapulogalamu amene amayamba afufuza kumene kuli kusuntha. Pulogalamuyo imayerekeza chithunzi chatsopano ndi chakale, kachigawo ndi kachigawo. Pamene sipadasinthe imaphatikiza zithunzi zambiri, ndipo pamene pasintha imadalira chithunzi chatsopano chokha, n'kuchepetsa timadontho poyerekeza malowo ndi malo oyandikana nawo. Mapulogalamu ena amapitirira apo: amawerengera kumene chinthu chalowera ndi mtunda umene chayenda, n'kusuntha chithunzi chakale kuti chigwirizane ndi chatsopano asadaziphatikize.

Palinso kukonza kwina kumene kumachitika pa chithunzi chilichonse pachokha. Kompyuta imanola m'mphepete mwa zinthu zooneka ngati mzere, monga waya ndi kapaipi, komanso imachepetsa kusiyana kwa malo owala kwambiri monga mapapo ndi malo akuda kwambiri monga msana, kuti kawaya kaoneke paliponse pamene kadutsa.

Njira yachiwiri: kuchotsa zosafunika

Njira ina ndi yochotsa pa chithunzi zonse zimene dokotala sakuzifuna. Ganizoli lidayamba ndi dokotala wa ku Netherlands, Bernard Ziedses des Plantes, m'zaka za m'ma 1930, yemwe ankasanjikiza mafilimu awiri ndi manja. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, magulu a akatswiri, kuphatikizapo la Charles Mistretta pa University of Wisconsin, adasamutsira ntchitoyi pa kompyuta. Njirayi imatchedwa digital subtraction angiography, mwachidule DSA, ndipo makina ake adayamba kugulitsidwa cha m'ma 1980.

Kachitidwe kake n'kosavuta kumva. Makina amajambula chithunzi choyamba mankhwala a ayodini asadathiridwe. Kenako amajambula zithunzi zina mankhwalawo akuyenda m'mitsempha. Kompyuta imachotsa chithunzi choyamba pa chilichonse cha zotsatirazo. Mafupa ndi minofu, zomwe zili pa zithunzi zonse, zimafafanizika, n'kutsala mitsempha yokha ikuoneka ngati nthambi za mtengo.

DSA imathandiza kwambiri pa mitsempha ya mu ubongo, m'khosi, m'mimba ndi m'miyendo. Popeza mitsempha imaoneka bwino, madokotala akhoza kuthira ayodini wocheperako, zomwe n'zofunika kwa odwala amene impso zawo ndi zofooka. Komabe kuchotsa chithunzi pa chinzake kumawonjezera timadontho, motero chithunzi chilichonse cha DSA chimafuna cheza chochuluka kuposa cha fluoroscopy wamba.

Mdani wamkulu wa DSA ndi kusuntha. Wodwala akameza malovu, akapuma kapena akagwedeza mwendo, zithunzi ziwirizo sizigwirizananso, ndipo m'mphepete mwa mafupa mumatsala mizere yoyera ndi yakuda imene ingabise mtsempha kapena kunamiza dokotala. N'chifukwa chake wodwala amapemphedwa kugwira mpweya kwa masekondi angapo, ndipo nthawi zina amapatsidwa mankhwala oimitsa kaye kuyenda kwa matumbo.

Kompyuta nayo imathandizapo. Katswiri wojambula akhoza kusankha chithunzi china choyambira, kapena kusuntha chithunzi choyambacho pang'ono mpaka mafupa agwirizane. Makina amakono amachita zimenezi okha, ndipo ena amagawa chithunzi m'zigawo zambiri n'kusuntha chigawo chilichonse pachokha. Pa mitsempha ya mtima, kusuntha kumachuluka moti DSA sigwiritsidwa ntchito kawirikawiri.

Njira yachitatu: kutsatira chinthu chimene chikusuntha

Pa mtima, akatswiri adatembenuza ganizo lonse. M'malo moyesa kuimitsa thupi lonse, kompyuta imasankha chinthu chimodzi chimene dokotala akufuna kuona, n'kuchitsatira kulikonse kumene chikupita. Chitsanzo chabwino ndi kuonetsa stent imene yangoikidwa kumene.

Timawaya ta stent zambiri zamakono n'tating'ono kwambiri, osakwana gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita, pafupifupi ngati tsitsi la munthu. Kuchepa kumeneku n'kwabwino kwa mtsempha, koma kumachititsa kuti stent isaoneke bwino pa X-ray, makamaka mwa odwala onenepa. Pamene stent sidatambasuke mokwanira, magazi akhoza kuundana kapena mtsempha kuyambanso kuchepa, zomwe zingaphe munthu.

Mwayi ulipo ndi wakuti kabaluni kamene kamanyamula stent kamakhala ndi timadontho tiwiri tachitsulo, kamodzi kumapeto kulikonse, tomwe timaoneka takuda bii pa X-ray. Dokotala akatha kutambasula stent, amaphwetsa kabaluniko n'kukasiya kaye pomwepo, kenako amajambula kwa masekondi ochepa. Kompyuta imafufuza timadontho tiwirito pa chithunzi chilichonse. Ikatipeza, imasuntha, kutembenuza ndi kukulitsa kapena kuchepetsa zithunzi zonse mpaka timadonthoto tikhale pamalo amodzimodzi, kenako imaphatikiza zithunzizo.

Popeza stent imayendera limodzi ndi kabaluni, nayonso imagwera pamalo amodzi pa zithunzi zonse ndipo imatuluka yooneka bwino. Nthiti ndi msana, zomwe sizidatsatire kabaluniko, zimafufutika n'kukhala ngati nkhungu kumbuyo. Apa kusuntha kumene kudali vuto kumasanduka phindu, chifukwa ndiko kumalekanitsa stent ndi zinthu zina zonse.

Makampani akuluakulu opanga makinawa ali ndi mapulogalamu a mtundu umenewu, monga StentBoost ya Philips, StentViz ya GE ndi ClearStent ya Siemens. Madokotala amawagwiritsa ntchito poona ngati stent yatambasuka mofanana, poika stent yachiwiri kuti ilumikizane bwino ndi yoyamba, komanso pofufuza ngati stent yakale idathyoka.

Mapu a mitsempha ndi nzeru zopangidwa

Ganizo lomweli limagwiranso ntchito popanga mapu. Ayodini amatha msanga m'mitsempha, moti pakapita masekondi ochepa dokotala amatsala akuona kawaya kokha popanda njira imene kakudutsamo. Makina akhoza kusunga chithunzi cha mitsempha n'kuchisanjika pa kanema amene akuonetsa kawaya. Pa ubongo ndi miyendo, mapu okhazikika amakwanira. Pa mtima, mapulogalamu atsopano amasunga zithunzi za kugunda konse kwa mtima, n'kumasankha chogwirizana ndi pamene mtima wafika nthawi imeneyo, komanso kutsatira nsonga ya kapaipi pofuna kudziwa mmene kupuma kwasunthira mtimawo. Cholinga chake ndi kuchepetsa maulendo othira ayodini.

Kuyambira m'zaka za m'ma 2010, akatswiri akhala akuphunzitsa makompyuta kuchotsa timadontho ndi kuzindikira mawaya powaonetsa zitsanzo zambirimbiri za zithunzi. Luso limeneli, lomwe ambiri amalitchula kuti AI, limayenera kuyesedwa mosamala lisadafike kwa odwala, chifukwa pulogalamu yotere imakonza chithunzi motsatira zimene idaphunzira, ndipo ikhoza kusalaza kanthu kachilendo kamene dokotala amafunika kukaona.

Malire a lusoli

Chithunzi chokonzedwa ndi kompyuta chili ndi malire ake. Choyamba, kompyuta siingaonetse chinthu chimene cheza sichidagwire n'komwe. Cheza chikachepetsedwa mopitirira muyezo, chithunzi chikhoza kuoneka chosalala bwino koma timitsempha ting'onoting'ono titasowa.

Chachiwiri, pulogalamu ikhoza kulakwitsa chinthu chotsatira. Ikasokoneza timadontho ta kabaluni ndi waya wa opaleshoni yakale kapena chitsulo china, chithunzi chotulukacho chimakhala chosadalirika.

Chachitatu, kukonza kuyenera kuchitika mofulumira kwambiri. Pa zithunzi 30 pa sekondi, kompyuta imakhala ndi gawo limodzi mwa magawo 30 a sekondi pa chithunzi chilichonse. Kanema akamachedwa, dzanja la dokotala limatsogola maso ake, ndipo kawaya kakhoza kuboola mtsempha.

Chachinayi, X-ray imaonetsa mbali imodzi yokha ya chinthu. Pofuna kutsimikiza kuti stent yamatirira kukhoma lonse la mtsempha, madokotala amadalirabe zipangizo zojambula kuchokera m'kati mwa mtsempha momwemo, zotchedwa IVUS ndi OCT.

Chitetezo ndi udindo wa adindo

Kufunika kwa lusoli kumaoneka bwino poyang'ana malamulo a chitetezo. Mu 1994, bungwe la boma la America loyang'anira zakudya, mankhwala ndi zipangizo za m'chipatala la FDA lidachenjeza zipatala za odwala amene adapsa khungu atakhala nthawi yaitali pansi pa fluoroscopy. Khungu limayamba kufiira likalandira cheza chofika pa muyezo wa ma gray 2, ndipo chikapitirira kwambiri pamabuka zilonda zovuta kupola, zomwe nthawi zina zimaonekera patapita milungu kapena miyezi.

Ogwira ntchito nawonso ali pachiopsezo, chifukwa amaima pambali pa wodwala tsiku ndi tsiku. Mu 2011, bungwe la International Commission on Radiological Protection lidalangiza kuti malire a cheza chofika m'maso mwa wogwira ntchito atsike kuchoka pa ma millisievert 150 kufika pa 20 pachaka, powerengera pakatikati pa zaka 5, litaona kuti ng'ala imayamba ndi cheza chochepa kuposa mmene ankaganizira kale. Cheza cha wodwala chikachepa, cha dokotala ndi namwino chimachepanso, popeza chambiri chimene chimawafika chimakhala chonjanja kuchokera pathupi la wodwalayo.

Dziko la Malawi lidalowa m'bungwe la International Atomic Energy Agency mu 2006, ndipo lamulo la Atomic Energy Act la mu 2011 lidakhazikitsa bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority, lomwe limayang'anira kagwiritsidwe ntchito ka zipangizo zotulutsa cheza, kuphatikizapo makina a X-ray a m'zipatala. Makina a fluoroscopy oyenda pa mateyala otchedwa C-arm, omwe madokotala a mafupa amagwiritsa ntchito m'zipinda za opaleshoni, amagwira ntchito motsatira mfundo zomwezi. Ngakhale luso looneka laling'ono, monga kusunga chithunzi chomaliza pa kanema kuti dokotala achiyang'ane cheza chitazimitsidwa, limapulumutsa wodwala ku cheza chosafunikira.

Kwa adindo amene amakonza ndondomeko zogulira zipangizo za m'chipatala, mfundo zingapo n'zofunika kuzikumbukira. Mapulogalamu ena, monga oonetsa stent, kawirikawiri amagulitsidwa padera ndi makina, choncho ayenera kutchulidwa momveka m'zikalata zoitanira ogulitsa. Makina ayenera kuyerekezedwa poona ubwino wa chithunzi pamodzi ndi kuchuluka kwa cheza chimene chatulutsa chithunzicho, komanso pa chinthu chosuntha, popeza chinthu chokhazikika chimaoneka bwino pafupifupi pa makina aliwonse. Mgwirizano uyenera kukhudzanso kukonza makina akawonongeka, kuyeza cheza chake nthawi ndi nthawi, ndi maphunziro a madokotala ndi akatswiri ojambula.

Maphunzirowa ndiwo amatsiriza ntchito yonse. Amene amasankha kuchuluka kwa zithunzi pa sekondi, kukula kwa malo owombedwa ndi cheza ndi nthawi yoponda batani lojambulira ndi munthu amene waima pambali pa wodwala, ndipo ndi iyeyo amene ayenera kudziwa zimene kompyuta yasintha pa chithunzi chimene akuchidalira.